Mtchona wa pa Kavalo Woyera

Asilikali ena pochokera ku nkhondo anabwera ndi majombo, ena mabulangete, ena chifuwa chosamva mankhwala. Lemson Mbewe anabwera ndi munthu wokwera pa kavalo. Anamutulutsa m'chikwama cha usilikali tsiku lomwe anafika ku Makokoba, lokesheni ya ku Bulawayo, n'kumuyala pa bedi, mkazi wake Dorah ali chiimire pakhomo ndi beseni la madzi osamba. Inali nsalu yokhuthala, kutalika kwake ngati chitseko, yojambulidwa ndi utoto wowala: mnyamata wa tsitsi lakuda bii, maso aakulu, atakhala pa kavalo woyera mbee, mkondo wake uli m'kamwa mwa chinjoka. Kunsi kwa ziboda za kavaloyo kunali kamunthu kakang'ono, katagona chafufumimba.

"Kanti n'chiyani chimenechi, bambo a Mable?" anafunsa Dorah. Iye anabadwira m'Bulawayo momwemo, bambo ake a ku Dedza, mayi ake Mndebele, ndiye Chichewa chake sichinkayenda popanda Sindebele pambali.

"Ndinalanda kwa Mataliyana," anatero Lemson.

Silinali bodza, kungoti nkhaniyo inkanenepa nthawi iliyonse akaifotokoza. Zoona zake n'zoti Mataliyana atagonja ku Gondar, m'dziko la Abisiniya, asilikali a ku Nyasalande anatumidwa kukatulutsa katundu m'nyumba ya mkulu wina wa adaniwo. Thiranki imodzi inapulumuka poikweza m'lole, n'kutseguka, ndipo munali nsalu zojambulidwa zokhazokha, zokulungidwa ngati mphasa, m'mphepete mwake mukuoneka modutsa mpeni. Azungu anagawana pomwepo. Imodzi inagubuduka n'kulowa kunsi kwa lole, ndipo Lemson anaiponda ndi jombo mpaka lole inachoka. Anayenda nayo nkhondo yonse osailola kunyowa, ngakhale pa masiku amene mwini wakeyo ananyowa mpaka m'mafupa.

Atatsitsidwa usilikali ku Zomba, kwawo ku Ntchisi kunali kumpoto, Bulawayo kummwera. Lemson anakwera lole ya kummwera. Ankati kumudzi adzapita chaka chamawa akadzapeza bwino, koma chaka chamawacho anayamba kuchitchula nkhondo isanayambe n'komwe. Anthu otere kumudzi amawatcha matchona, anthu amene anapita kukagwira ntchito n'kuiwala njira yobwerera. Liwu limeneli Lemson sankafuna kulimva, ndipo wolitchula pamaso pake ankaona zakuda.

Sabata yonse Anyasa a ku Makokoba anali maboyi. Wina ankasenza matumba ku shedi ya njanji ngati Lemson, wina ankatsuka mbale, wina ankathirira maluwa a dona. Koma likafika Lamulungu masana, atachapa makabudula oyera n'kuwasita mpaka kuthwa, anthu omwewo ankasanduka a Kapiteni, a Ajitanti, a Dokotala. Ankavina mganda, gule wa perete uja, ndipo gulu lililonse linkatchedwa boma, lili ndi Kingi wake, ng'oma yake ndi mbendera yake. Boma la a Lemson linali lonyozeka, moti mbendera yake inali nsalu ya patebulo imene khukhi wina anapatsidwa itapsa ndi simbi. Tsiku limene Dorah anapinda m'mphepete mwa chithunzi chija n'kuchiloweka pa nsungwi, zinthu zinatembenuka. Boma linadzitcha Abisiniya, Lemson anavekedwa wezulo ya Ukingi m'khosi, ndipo mbendera ankainyamula yekha ngakhale kuti Kingi sanyamula kanthu. Ankati manja a anzakewo ndi a thukuta.

Musawaseke anthu amenewa. M'tauni imene munthu wakuda ankatsikira mumsewu kuti mzungu adutse bwino m'mbali mwa masitolo, iwo anali ndi munthu wa khungu lawo atakwera kavalo, mkondo m'manja, osapepesa aliyense. Akatulukira pa ngodya, fumbi lili koboo, malipenga awo a zikho akulira, amayi ankasiya zochapa n'kumalulutira. Kamunthu kogona kaja nakonso anakapezera ntchito. Onse anagwirizana kuti ameneyo ndi Mtaliyana wopondedwa, ndipo anamupekera nyimbo:

Mtaliyana wagona, wagona chafufumimba,
Kavalo wa Abisiniya wamuponda pamsana.

Pa mawu akuti pamsana, mzere wonse unkaponda pansi kamodzi, dii, aliyense ataloza kamunthuko ndi mpango.

Chaka chimenecho boma la Abisiniya linaputa gulu la Beni la Che Khamis, telala wachiyao wa ku Fort Johnston, amene anali asanagonjepo chiyambire. Anapangana zokakumana pa Nyuwere ku Sikweya, bwalo lalikulu la m'lokesheni, ndipo monga mwa mwambo anagunditsa mbendera zawo pamaso pa anthu. Lamulo lake ngakhale ana ankalidziwa: mbendera imene wagunditsa ndi imene ukalowe nayo m'bwalo, osati ina. Boma lofika popanda mbenderayo limabwezedwa pachipata ngati logwidwa ku nkhondo, ndipo Kingi wake amatula wezulo pansi anthu akuona. Lemson analibe nazo mantha zimenezo, chifukwa mbendera inkagona kumutu kwa bedi lake.

Lamulungu lina akuyeserera pafupi ndi holo ya mowa, m'khamu la oonerera munatuluka nkhalamba yowonda, ya mphuno yosongoka, itavala jekete yoyera. Anali a Gebire, amene anakalambira m'khitchini ya sitima akuphikira azungu apaulendo. Anthu ankangodziwa kuti kwawo n'kutali, kumpoto kwenikweni, komanso kuti sacheza ndi munthu. Nkhalambayo inayang'anitsitsa mbendera ija, inavula nsapato, inagwada m'fumbi, n'kugunditsa chipumi pansi.

Ovina anangoti basi, lero ndiye tavina. Anthu amafupa ovina ndi ndudu, ena ndi malalanje, koma kufupa kochita kugwada anali asanakuonepo. Ng'oma inakwera, Lemson anazungulira nkhalambayo akukupiza mbendera pamwamba pa mutu wake, chifuwa chili patsogolo ngati tambala, ndipo mzere wonse unaimba ya Mtaliyana ija mokweza kuposa kale kuti mlendoyo adziwe kuti ulemu wake wafika. Podzuka, nkhope ya a Gebire inali yonyowa. Ovinawo anati ndi chimwemwe.

Mawa lake ataweruka, Lemson anawapeza a Gebire atakhala pakhomo pake, tiyi amene Dorah anawapatsa atazizirira m'kapu. Chinyanja chawo anachitola kwa makhukhi anzawo a m'sitima, ndipo chinali chothyokathyoka koma chomveka.

"Mwana wanga, ija si mbendera," anatero. "Lija ndi khoma la tchalitchi."

Anafotokoza kuti iwo ndi a ku Abisiniya komweko, ndipo kwawoko nsalu zotere amazimata pa makoma a m'tchalitchi. Wa pa kavaloyo ndi Giyorgisi woyera, amene malo ake ndi pafupi ndi Mariya, ngati mlonda. Mataliyana anazidula ndi mipeni. Kwinakwake, anatero, kuli anthu amene akupemphera atayang'ana dothi lopanda kanthu, ndipo timalemba ta m'munsi mwa nsaluyo tikutchula tchalitchi chawo, cha m'mapiri a kufupi ndi Gondar.

"Nanga Mtaliyanayo analowamo bwanji m'tchalitchi?" anafunsa Lemson, akuganiza kuti wawagwira.

"Mtaliyana uti?"

"Wagwayo. Wapondedwa ndi kavaloyo."

A Gebire anatsinzina. "Ameneyo sanagwe. Akupemphera. Ndi munthu amene anapereka ng'ombe zake kuti chithunzi chijambulidwe, ndiye wojambula anamugoneka pa mapazi a woyera kuti asaiwalike. Ndi bambo wa anthu ena ameneyo. Inu mumamuponda Lamulungu lililonse."

Manyazi anamugwira Lemson, koma poti anali munthu wonyada, anatulukira pakamwa ngati ukali. Anaimirira mpando n'kugwa.

"Pamene inu munkakazinga mazira m'sitima, ine ndinali kuti? Anzanga anatsala m'mapiri a kwanuwo kuti dziko lanu libwerere kwa eni ake. Chimenechi n'changa, bambo. Ndinachilanda kwa mdani."

"Munachilanda kwa mbala," anatero a Gebire akuvala chipewa. "Zikomo kuti simunachinyowetse."

Atapita, Dorah anatuluka ndi chivindikiro cha chitini, mmene munali tizibenthu toyera ngati makoko a dzira.

"Bhekani apa, bambo a Mable. Lolemba lililonse ndikamasesa ndimapeza timeneti kumutu kwa bedi. Kavalo wanu akuthothoka. Mukamamukupiza chonchija utoto ukusweka, manje mwendo wakumbuyo watsala pang'ono kutha."

"Za mganda si za akazi, NaMable."

"Yebo, Kingi," anatero Dorah, n'kusiya chivindikirocho patebulo pomwe mwamuna wake amadyera.

Ku Makokoba khoma limodzi limagawa mabanja awiri, ndiye nkhani siichedwa. Inafika kwa Jasper Nkhoma, Kapiteni wa bomalo, mnyamata wothamanga pakamwa amene ankagwira ntchito kwa mzungu wa okushoni, malonda opikisana mitengo aja, m'tauni. Jasper anakaiulula kwa bwana wake, ndipo pa kuyeserera kotsatira anabwera akuchita kudumpha. Mzunguyo ankafuna chithunzicho. Ankati apereka malipenga a mkuwa enieni, a asilikali, okwanira mzere wonse, ndipo awapereka Nyuwere isanafike. Mbendera adzaitenga mpikisano ukatha.

"Tikalowa ku Sikweya ndi zonse ziwiri, a Kingi!" anatero Jasper. "Che Khamis akangomva kulira kwa mkuwa akapinda yekha mbendera yake. Tizingofuulira m'zikho mpaka liti ngati achule?"

Anyamata onse anameza malovu. Kunena zoona, nayenso Lemson mtima unapita, chifukwa lipenga la mkuwa ankalidziwa kukoma kwake m'mawa pa perete. Anavomera zokaona malipengawo Loweruka.

Okushoni inkachitikira kuseri kwa sitolo, pansi pa denga la malata, azungu atakhala pa mipando, akuda ataima kunja kwa waya. Malipenga analipodi, ali m'bokosi lotsegula, akunyezimira. Bwana wa Jasper uja, munthu wamfupi wofiira m'khosi, anafika pa waya n'kuyankhula Chilapalapa, chiyankhulo cholamulira antchito chija.

"Wena lo Kingi? Mina funa lo pikicha. Buyisa yena, tata zonke lo."

Ankatanthauza kuti abweretse chithunzi, atenge bokosi lonselo. Lemson anangoti ayambe waganiza, ndipo anatsalira pa waya kuonerera malonda.

Tsikulo ankagulitsa katundu wa msilikali wina wachizungu amene ankabwerera ku Ulaya. Ntchito ya Jasper inali kukwera patebulo n'kunyamula chinthu chilichonse pamwamba pa mutu, kuchitembenuzira uku ndi uku kuti ogula achione. Ananyamula wailesi, mfuti, mitanda ya mkuwa. Kenako anatambasula nsalu, ndipo Lemson anaizindikira nthawi yomweyo. Utoto unali womwewo, modutsa mpeni momwemo. Anali mayi wa maso aakulu, wa khungu lofiirira, atafukata mwana. Mzungu wina anayandikira n'kukanda utotowo ndi chikhadabo kuti aone ngati ndi wakaledi. Dona wina anainunkhiza n'kukwinya mphuno, anthu n'kuseka. Anamuuza Jasper kuti aitembenuze aone kumbuyo kwake. Kanyundo katagunda, inapita kwa mwini hotela ina, amene ananena mokweza kuti akaipachika m'bala.

Zimenezi Lemson anali atazionapo. Ali mnyamata, pa depoti ya olemba anthu ntchito, anamuimika pamzere ali chivulire, mzungu n'kumugogoda pachifuwa, kumuyang'ana mano, kumutembenuza, kenako n'kumulozera lole. Palibe amene anamufunsa dzina la mudzi wake. Anayang'ana mayi wa pa nsaluyo akutuluka pachipata ali m'khwapa mwa mwini hotela, ndipo liwu limene ankadana nalo lija linabwera lokha pakamwa. Uyu watchona basi, sadzaonanso kwawo. Chisoni chinamugwira, chifukwa wa pa kavalo uja, amene ankagona kumutu kwa bedi lake, anatuluka m'thiranki imodzi ndi mayi ngati ameneyu. Bokosi la malipenga sanalicheukirenso.

Kuchoka pamenepo analunjika ku komboni ya njanji, kumene anawapeza a Gebire akusoka batani pakhonde.

"Ndikupatsani munthu wanu uja," anatero asanakhale n'komwe pansi. "Koma osati kuti mukamupachike m'chipinda chanu chino. Ngati ndi wakwanu, mupite naye nokha mpaka pakhoma pake."

A Gebire anaika singano pansi. "Ndakalamba, mwana wanga. Amene ankandidziwa kwathu anatha."

"Ndiye apite ndani? Ine njira ya kwanu ndimaidziwa ya nkhondo yokha."

Nkhalambayo inayang'ana njanji. Nayo inali ndi chaka chamawa chake, chimene inayamba kuchitchula tsitsi likadali lakuda. Potsiriza inati sitima ya pamadzi yopita ku Jibuti imanyamuka ku Beira chaka chikangoyamba, ndipo kuti iipeze iyenera kukwera ya pamtunda m'mawa wa Nyuwere.

"Nanga ina siidzabwera?" anafunsa Lemson, wezulo ikumulemera m'khosi.

"Idzabwera. Koma ndikadikira inayo sindipitanso. Ndikudzidziwa."

Munthu wina akanatsutsa, koma Lemson matenda amenewo ankawadziwa bwino. "M'mawa wa Nyuwere," anatero. "Chabwino."

Atauza boma lake, kunali chipwirikiti. Ena ankati nkhalambayo idikire tsiku limodzi lokha, ena ankati Kingi wadyetsedwa mankhwala. Jasper ndiye ankachita kulavula moto.

"Mwatipha, a Kingi! Tisiye mkuwa, tisiye mpikisano, tikachite manyazi pachipata, chifukwa cha nkhalamba yoti ikangofika pa Beira ikagulitsa kwa Mpwitikizi?"

Lemson anaimba wezulo, onse n'kukhala chete.

"Munthu wa boma lino akamapita kumudzi, timatani?"

"Timamuperekeza," anayankha wina monyinyirika.

"Ndi ng'oma, mpaka pa siteshoni, ngakhale kugwe mvula. Nanga mtolo wopita kumudzi umatsegulidwa panjira?"

Panalibe wosadziwa yankho lake. Mnyasa akamapita kwawo ankasenzera anzake mitolo, ndipo mtolo ukasokedwa m'chiguduli pamaso pa anthu, wonyamulayo sankautsegula ngakhale njala imupweteke bwanji. Woutsegula, sosaite ya maliro ya Anyasa inkamufufuta m'buku, tsiku la imfa yake n'kusowa womukumbira manda. Ndi mmene mabulangete ndi shuga zinkachokera ku Bulawayo n'kukafika m'manja mwa amayi ku Dowa popanda pepala lililonse.

"Uyu wavina nafe," anapitiriza Lemson akuloza mbendera. "Anatipeza tikukupiza nsalu ya patebulo, n'kutisandutsa anthu. Ndi wa boma lino, ndipo ndi mtchona ngati ine ndi inu. Lero wapeza womutenga. Ine ndimuperekeza, kaya ndekha, ndipo wezuloyi ndikaitula ku Sikweya ndi dzanja langa."

Aka kanali koyamba kuti anthu amumve Lemson akudzitchula yekha mtchona, ndipo ambiri anazyolika.

"Koma nkhalambayo si Mnyasa," anatero Jasper, mawu atatsika. "Lamulo la mtolo silikuigwira."

A Bernard, Dokotala wa boma, mkulu amene ntchito yake pa gule inali kupima ovina ndi kachingwe m'makutu, anakhosomola. "Ndiye tiilowetse m'boma, lamulo liigwire."

Zinaterodi. Kutatsala tsiku limodzi kuti Nyuwere ifike, a Gebire anaitanidwa, anapatsidwa mpango woyera ndi udindo wa Ajitanti wa Maulendo, n'kudya m'mbale imodzi ndi boma lonse. Anawaphunzitsanso sitepe imodzi, imene anaiponda moipa kwambiri moti ngakhale Jasper anaseka. Kenako Dorah anasolola chithunzi chija pa nsungwi n'kuchiyala pa shiti yake ya ukwati. Asanachikulunge, Lemson anavula chipewa, anawerama pa kamunthu kogona kaja, n'kunena kuti, "Pepani, bambo, sitinkadziwa." Amuna onse anadutsa mmodzimmodzi kunena chimodzimodzi, Jasper pamapeto, ndipo iye anachedwapo kuposa anzake. Dorah anasoka chiguduli ndi ulusi wopirikiza, anthu onse akuona, n'kuluma ulusiwo ndi mano.

M'mawa wa Nyuwere boma la Abisiniya linatuluka m'Makokoba litavala zoyera, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsala. A Gebire anali patsogolo ndi kasutikesi kawo, Lemson pambuyo pawo mtolo uli paphewa, ng'oma ikugunda mpaka kumapeto kwa pulatifomu kumene akuda ankakwerera. Nkhalambayo inakhala pawindo, mtolo itaufukata pamiyendo, ndipo sitima itayamba kuyenda inatulutsa mpango woyera uja. Lemson anamenya sawatcha n'kukhala chomwecho mpaka bogi yomaliza inabisika.

"Sitima imeneyi ndi yomwe amakwera opita kwanu, angithi?" anafunsa Dorah pambali pake.

"Ndi yomweyo."

"Mable sanawaonepo agogo ake."

Chaka chamawa chinafika pa lilime mwa chizolowezi, koma Lemson anachimeza. "Mvula ikangotha," anatero. "Uyambe kufuna ziguduli."

Masana ku Sikweya kunali kosapondeka. Kunali Anyasa, Asena, Alozi, Abemba ndi eni dziko, ena atakwera m'mitengo. A Beni anali atalowa kale, atavala makhaki, mbendera yawo yobiriwira ikukupiza, ndipo Che Khamis anaima pachipata ndi ndodo yake m'khwapa. Boma la Abisiniya litatulukira, Lemson ali patsogolo ndi nsungwi yopanda kanthu, phwete linayamba kumitengo n'kufalikira bwalo lonse. Anyamata ake anafikabe pachipata mzere uli chiwongokere.

"A Mbewe, lamulo mukulidziwa," anatero Che Khamis. "Mbendera imene munagunditsa ndi yanga ili kuti? Kapena n'zoona zimene tikumva, zoti mwagulitsa kwa mzungu?"

Lemson anavula wezulo m'khosi n'kuigwira m'dzanja, wokonzeka kuitula. Anayankha ndi mawu a pa perete, kuti a m'mitengo amve.

"Sitinagulitse. Yapita kumudzi. Taikweza sitima m'mawa uno."

Kuseka kunazima kuyambira pachipata mpaka kumapeto kwa bwalo. Pa khamu lonselo panalibe mwamuna wopanda mudzi umene anaulonjeza kuti abwera posachedwa. Che Khamis, amene ana ake anabadwa n'kukula osaonapo Fort Johnston, anayang'ana nsungwi ija kuyambira pansi mpaka pamwamba.

"Yapita ndi ndani?"

"Ndi munthu wa kwawo. Yosokedwa m'chiguduli."

"Mwaiperekeza?"

"Ndi ng'oma."

Che Khamis anatembenuka n'kukuwa lamulo m'Chiyao. Wonyamula mbendera ya Beni anazengereza, koma atakuwiridwa kachiwiri anaitsitsa mpaka nsonga yake inakhudza fumbi.

"Wopita kwawo sanagwidwe ku nkhondo," anatero Che Khamis. "Bwezerani wezulo m'khosi, a Kingi. Tsegulani chipata!"

Analowa ndi malipenga awo a zikho omwewo, ndipo Jasper ndi amene ankaliza mwamphamvu kuposa onse. A Bernard anayambitsa nyimbo yakale ija, koma mawu anali atawasintha panjira pochokera ku siteshoni:

Bambo uja wadzuka, wadzuka wapita kwawo,
Kavalo wa Abisiniya wamubereka pamsana.

Pa mawu akuti pamsana palibe anaponda pansi. Mipango yonse inakwera m'mwamba, kuloza kumpoto. Lemson anali patsogolo, misozi ikutsika osaipukuta, nsungwi yopanda kanthu ataikweza ndi manja awiri, ndipo kulikonse kumene inkadutsa amuna ankavula zipewa.